Kodi mumadziwa? Simbi ya makala, makwinya ndi timalaya ta zidole

Kodi mumadziwa kuti nsalu ya thonje youma gwa siimvera simbi, ngakhale mutaitsindira ndi mphamvu zanu zonse? Zochotsa makwinya ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo kulemera kwa simbi kumangothandizira. Ulusi wa thonje uli ndi timinyewa tambirimbiri tosaoneka ndi maso, togwirana m'mbali. Madzi akalowamo timatayana n'kuyamba kuterereka, ndipo nsalu ikamauma timagwirananso pomwe tapezekapo. Ikaumira chopindika, khwinya lakhazikika. Ikaumira chotambasuka, yasalala see. Amayi a Mvano ku Domasi Mission amazidziwa bwino izi. Asanaike simbi pa bulauzi yoyera ndi duku, amayamba awaza timadzi ndi zala, n'kukulunga chovalacho kwa kanthawi kuti chinyezi chifike paliponse.

Kodi mumadziwa kuti ku Japan, ku America, ku Hong Kong ndi kwina kuli abambo andevu zawo amene amachita zomwezi pa timalaya ta zidole? Zidole zawo ndi tianthu tapulasitiki ta asilikali, ankhonya ndi akatswiri a m'mafilimu, tokhala ndi mfundo zopindika m'mawondo ndi m'zigongono, tovala zansalu zenizeni zosokedwa mpaka matumba ndi mabatani. Amatigula modula n'kutiimika m'makabati agalasi. Kachidole kakamatuluka m'bokosi, jekete yake imakhala itakwinyika chifukwa chopanikizika miyezi yambiri pa ulendo. Mwini wake amaipopera madzi pang'ono, amakonza mapindo ndi chala kuti agwe ngati a munthu wamoyo, n'kuisiya usiku wonse. Kukacha yauma momwe anaisiyira.

Kodi mumadziwa kuti zidole za mtundu umenewu zinatchuka kuyambira mu 1964? Kampani ya Hasbro ya ku Rhode Island ku America inatulutsa kamsilikali kotchedwa G.I. Joe, kotalika pafupifupi masentimita 30, kovala yunifolomu yansalu yotheka kuvula. Ku Britain kanafika mu 1966 ndi dzina lakuti Action Man. Chitsanzo choyambirira cha G.I. Joe, chopangidwa pamanja, chinagulidwa mu 2003 pa madola 200,000 a ku America. Chinthu cha mtengo wotere simungachiyandikize ku moto mwachisawawa.

Nanga mumadziwa kuti madiresi oyamba a Barbie, chidole chimene chinaonetsedwa koyamba ku New York mu 1959, ankasokedwa ku Japan, ndipo ambiri ankamalizidwa pamanja ndi amayi okhala m'makomo mwawo?

Kodi mumadziwa chifukwa chake kamalaya ka chidole kamatukumuka ndi kuvuta kuwongola kuposa malaya anu? Apa ndiye pagona nkhani. Zidole zambiri zosungidwa zimachepetsedwa kasanu n'kamodzi: munthu wa masentimita 180 amakhala chidole cha masentimita 30. Kolala imachepa, thumba limachepa, mkono wa malaya umachepa. Koma ulusi suchepa. Nsalu ya shati wamba ikavekedwa pa chidole, kwa chidolecho imakhala yochindikala kasanu n'kamodzi, ndipo msoko uliwonse umaima ngati mzere wa m'munda. Palinso nkhani ya kulemera. Malaya a munthu mukawapachika, kulemera kwake kumakoka makwinya ena n'kuwafafaniza. Kajekete ka chidole n'kopepuka kwambiri moti palibe chokakokera pansi, choncho khwinya likalowa limakhala mpaka munthu atalichotsa. N'chifukwa chake osoka timalaya totere amafuna nsalu zopyapyala zedi: mpango wa m'thumba, nsalu yoika m'kati mwa jekete, kapena chitenje chakale chimene chachapidwa kambirimbiri mpaka kufewa. Chitenje chatsopano cha m'sitolo chimauma kwambiri, komanso duwa limodzi lalikulu limadzaza diresi yonse ya chidole. Mukapita kwa atelala pa msika wa Songani kukapempha tizidutswa totsala, sankhani tamaluwa ang'onoang'ono.

Kodi mumadziwa tanthauzo la timadontho timene timajambulidwa m'kachithunzi ka simbi pa kansalu ka kukhosi kwa malaya? Dontho limodzi ndi madigiri pafupifupi 110, oyenera nayiloni ndi zinzake zosachedwa kusungunuka. Awiri ndi 150, oyenera ubweya wa nkhosa ndi poliyesita. Atatu ndi 200, a thonje. Kasimbi kakadulidwa ndi mizere iwiri yopingasa, musayerekeze n'komwe. Zovala za zidole kawirikawiri zilibe kansalu kolangiza kameneka, ndiye yambirani pa dontho limodzi nthawi zonse.

Kodi mumadziwa kuti poliyesita samva madzi ngati thonje? Ulusi umenewu, umene John Whinfield ndi James Dickson anautulukira ku England mu 1941, ndi pulasitiki, ndipo umamwa madzi ochepa kwambiri. Kuuwaza madzi ozizira kumathandiza pang'ono chabe. Umamvera kutentha: ukatenthedwa umafewa, ukazizira umagwira maonekedwe atsopano. Vuto lake n'lakuti moto ukapitirira, tiulusi ta pamwamba timasungunuka n'kuphwatalala, ndipo pamatsala chigamba chonyezimira. Amene anasitapo buluku lakuda la yunifolomu ya sukulu ndi simbi yaukali amachidziwa chigamba chimenechi. Sichichoka ndi sopo aliyense.

Kodi mumadziwa kuti simbi ya makala, ngakhale ilibe madontho, ili ndi malamulo ake? Makala ofiira psuu amatentha kupitirira madigiri 500, choncho wosita ndiye amene amaweruza moto. Taonani mmene amachitira odziwa. Amapala makala oyaka bwino pa mbaula, n'kusiya ofuka utsi. Amatseka chivundikiro ndi kachitsulo kaja kamene pa simbi zambiri kamaumbidwa ngati tambala. Amaigwedeza uku ndi uku kuti mpweya ulowe m'timabowo ta m'mbali, amauzira phulusa kutali ndi zovala, amapukuta kunsi kwake pa chiguduli, kenako amayesa pa nsanza asanakhudze chovala. Dongosolo lake limasemphana ndi la simbi yamagetsi. Yamagetsi mumayamba ndi zopyapyala n'kumakweza moto. Ya makala mumayamba ndi zathonje zochindikala moto ukadali waukali, zoterera n'kubwera pambuyo moto utazilala. Kamalaya ka chidole ndiko komalizira penipeni, ndipo kasitidwe chotembenuza, mutayalapo mpango woyera wonyowa pang'ono pamwamba pake.

Kodi mumadziwa kuti kudonthezera madzi kunsi kwa simbi kumakuuzani zochepa? Akalira kuti tswee, ndiye kuti simbi yapitirira madigiri 100, basi. Ikhoza kukhala pa 120, ikhoza kukhala pa 250.

Ndipo kambaliwali kamodzi kothawa m'bowo la simbi, kamene pa shati ya bambo kamasiya kachibowo kobisika, pa jekete ya chidole kamadya thumba lonse.

Kodi mumadziwa kuti supuni ya tiyi ndi simbi yabwino ya timalaya tating'ono? Iviikeni m'madzi otentha, ipukuteni, kenako tsindirani ndi msana wake pa kolala kapena pa mpendero. Siingapitirire kutentha kwa madzi owira, choncho siingapsereze nsalu. Pa mikono ya malaya, lowetsani pensulo yokulungidwa ndi kansalu kuti musapange mzere pamene sipafunika mzere. Osunga zidole akunja ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kowongolera tsitsi ka ku saluni, atakaika pa moto wochepetsetsa, chifukwa kamapana nsalu mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Kodi mumadziwa kuti nthunzi ya m'ketulo imachita zimene simbi singathe? Imafika m'mapindo, m'khwapa ndi m'chipewa popanda kukhudza nsalu ndi chitsulo. Gwirani kachovalako ndi timitengo tiwiri kapena ndi chopanira zovala, kadutsitseni pa nthunzi kangapo, kakokeni pang'onopang'ono, n'kukasiya kazizire kali chotambasuka. Kuzizirako ndiko kumakhazikitsa. Mukakapinda kakadali kofunda, mwabweza makwinya ndi manja anu. Samalani zala, pakuti nthunzi imawotcha moipa kuposa madzi owira, ndipo ntchito imeneyi si ya mwana.

Kodi mumadziwa kuti madzi sawira pa madigiri 100 paliponse? Pamwamba pa phiri la Zomba, pamene pamapitirira mamita 2,000, amawira pa madigiri pafupifupi 93. Kumunsi m'chigwa amayandikira 100.

Kodi mumadziwa kuti popanda moto uliwonse makwinya amathanso? Nyowetsani kadiresi, kafinyeni m'thaulo osapotokola, kayaleni bwino pakati pa nsalu ziwiri zoyera, n'kutsindira ndi mabuku kapena thabwa lokhala ndi njerwa pamwamba. Mawa mukapeza kasalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi mumadziwa kuti kusita chovala chili pa thupi la chidole ndi kuononga zonse ziwiri? Mitu, manja ndi miyendo ya zidole zambiri ndi ya pulasitiki yotchedwa PVC, imene imafewa ngakhale m'madzi otentha amene sanawire. Simbi ikagunda tsaya, tsaya laphwatalala. Koma kufewa komweku n'kothandiza pena. Zidole za kaunjika zimabwera zitapanikizidwa m'mabelo, ndipo zambiri zimatuluka mwendo utakhota kapena dzanja litapindika. Vulani chidolecho, viikani chiwalo chokhotacho m'madzi otentha kwa kanthawi kochepa, chiwongoleni ndi zala, n'kuchiviika nthawi yomweyo m'madzi ozizira mukadachigwira. Chimauma chili chowongoka. Chidole chokhala ndi mabatire kapena cholira musachiviike.

Kodi mumadziwa kuti nsalu yakuda, yofiira ndi yabuluu wakuda imatha kudetsa chidole mpaka kalekale? Utoto wotsala mu ulusi umalowa m'pulasitiki yofewa, makamaka nsalu ikakhala yonyowa, ndipo sutsukika chifukwa walowa m'kati. Musanaveke chidole chovala chatsopano chakuda, chitsukeni m'madzi ozizira mpaka madzi atasiya kusintha mtundu, ndipo chiume kaye. Ofuna kukonza mapindo ndi madzi chovala chili pathupi amayamba akulunga thupilo ndi kapulasitiki kopyapyala.

Kodi mumadziwa kuti kotsekera kaja kolira kuti kwee mukamavula diresi ya chidole kanachokera ku zomera za kutchire? George de Mestral wa ku Switzerland anaona mu 1941 mmene njere zina zinkakangamirira pa buluku lake ndi pa ubweya wa galu wake, monga chimachitira chisoso kwathu kuno. Atayang'ana pa makina okulitsa zinthu anapeza timbedza, ndipo pa nzeru imeneyo anapanga Velcro. Ndi ya nayiloni, choncho simbi ikaigunda timbedzato timasungunuka ndipo sitigwiranso.

Kodi mumadziwa chinsinsi cha mikanjo ya zidole yooneka ngati ikuuluzika ndi mphepo pamene mphepo kulibe? Mu mpendero amalowetsamo kawaya kopyapyala, n'kupinda nsonga zake kuti zisaboole nsalu. Mnyamata aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya angathe ntchito imeneyi masana amodzi. Koma chidole chimene mwana wamng'ono amaseweretsa chisakhale ndi waya, mapini kapena timikanda totheka kumeza. Izi ndi za chidole choimika pa shelefu.

Kodi mumadziwa kuti chinangwa chimaumitsa kolala? Chipaleni, chifinyireni m'madzi, dikirani ufa woyera ukhazikike pansi, tayani madzi apamwamba, n'kuphika ufawo pang'ono m'madzi ambiri mpaka atayamba kuterera. Mukaviikamo nsalu ya thonje n'kuisita ikadali ndi chinyezi, imaima njo. Kachipewa ka chidole kapena kaduku mungakaumbe pa chivindikiro cha botolo n'kukasiya kaume pomwepo. Koma kumbukirani kuti zimenezi ndi chakudya. Mphemvu ndi tizilombo ta m'mabuku timazikonda, ndipo tikamadya timaboola ndi nsalu yomwe. Osamala nsalu zakale m'nyumba zosungira mbiri amapewa kuumitsa chotere chinthu chimene akufuna chikhale zaka zambiri. Ine ndimagwirizana nawo: chinangwa chisungireni malaya ovala mawa, osati chidole cha m'kabati.

Kodi mumadziwa kuti adani aakulu a nsalu yosungidwa ndi dzuwa ndi chinyontho? Dzuwa la pawindo limafufutsa utoto mbali imodzi. Chinyontho cha dzinja ndi cha chiperoni chimabweretsa chuku, makamaka chovala chikatsekeredwa m'jumbo chisanaume. Tijekete ndi tinsapato ta chikopa chabodza ndiye timavutika koposa: pakapita zaka m'malo otentha ndi achinyezi timasweka n'kuyamba kusupuka, ndipo simbi kapena nthunzi zimangofulumizitsa. Posunga, musapinde timalaya. Tiyaleni, kapena tiikeni timipukutu ta nsalu yoyera m'mikono kuti pasakhale mzere wakuthwa.

Kodi mumadziwa kuti makolo a m'chigwa cha Domasi ankafewetsa zovala simbi isanafike? Nsalu za m'sitolo zisanachuluke anthu ankavala nyanda, imene ena amati chiwondo, yochokera ku khungwa la mitengo monga mombo. Ankasenda khungwa, kulinyowetsa, n'kulisula ndi kachibonga pa chipika mpaka litatambasuka ndi kufewa. Thonje nalo silinabwere ndi azungu. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu zawozawo, pamene amalonda a Chiyao ankabweretsa nsalu za merikani kuchokera kugombe la nyanja ya mchere.

Kodi mumadziwa kuti simbi yamagetsi ndi yaikulu kwa Domasi Mission ndi zaka ziwiri zokha? Henry W. Seely wa ku New York analembetsa simbi yake mu 1882. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi a Church of Scotland, m'dziko la mfumu Malemia, ndipo Alexander Hetherwick ndiye anaiyendetsa zaka zoyambirira. Papita zaka zoposa 140, koma m'makomo ambiri akumudzi simbi ya makala ndiyo ikugwirabe ntchito, ndipo ngakhale m'tauni imatulutsidwa magetsi akazima. Ku China ankasalaza nsalu ndi ziwaya zodzaza makala zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Kodi mumadziwa kuti kusoka ndi kusamala zovala zinali maphunziro a m'kalasi kuno ku Domasi? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la Nyasaland linatsegula sukulu ya Jeanes. Aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo, ndipo pamene amuna ankaphunzira kuyendera masukulu a m'midzi, amayi ankaphunzira kusoka, kulera ana ndi ukhondo wa pakhomo kuti akaphunzitse anzawo kwawo.

Kodi mumadziwa kuti mashati a thonje osakwinyika msanga anatheka ndi thandizo la mayi wina? Ruth Benerito ndi anzake ku New Orleans, m'zaka za m'ma 1950, anakonza njira yomangira timinyewa ta thonje ndi mankhwala kuti tisaterereke nsalu ikanyowa. Kwathu kuno fakitale ya David Whitehead & Sons inayamba kuluka ndi kudinda nsalu ku Blantyre mu 1967.

Kodi mumadziwa kuti zidole zathu nazo zili ndi zovala zofunika kusamala? Mtsikana amene waumba mwana wadothi, kapena wakulunga chitsononkho ndi kansanza n'kuchibereka kumbuyo popita ku masanje, akuphunzira kumanga nsalu kuti igwire. Mpatseni singano akakula pang'ono, ndi tizidutswa ta kwa atelala. Kadiresi ka chidole ndi phunziro lotsika mtengo la kudula, kupinda mpendero ndi kusita, ndipo akalakwitsa watayapo kansalu kosakwana chikhatho.

Kodi mumadziwa kuti kuno kusita kumatetezanso khungu la mwana? Kuli ntchentche ina, imene akatswiri amaitcha Cordylobia anthropophaga, yoikira mazira pa dothi lamchenga lonunkha mkodzo kapena ndowe, komanso pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Imatha kuikira mazira oposa 100 nthawi imodzi. Amaswa pakangopita masiku ochepa, ndipo timphutsi take timadikira mu nsalu mpaka titamva kufunda kwa thupi. Tikalowa m'khungu pamatuluka chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati kopumira mphutsiyo, ndipo imakula m'menemo kwa sabata imodzi kapena kupitirirapo. Ana aang'ono ndi agalu ndiwo amagwidwa kwambiri, makamaka nyengo ya mvula. Anthu ambiri amapaka Vaseline pa kabowoko kuti mphutsi isowe mpweya n'kutuluka, koma chotupa chikafiira kwambiri, kuchita mafinya kapena mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala. Kupewa n'kosavuta. Yanikani pa chingwe, padzuwa lenileni, osati pa kapinga kapena pa tchire. Sitani mbali zonse ziwiri, ndipo chedwani m'misoko ndi m'lamba, pakuti m'menemo ndimo mazira amabisala. Matewera ndi zovala zam'kati zonse zipite pansi pa simbi.

Chimene makolo ambiri amaiwala ndi kansalu kamene mwana amaberekera chidole chake. Kamagona pa dothi kuseri kwa nyumba, kamanyowa, kenako kamamangidwa pamsana wopanda malaya. Kachapeni, kayanikeni pa chingwe, ndipo mukamasita zovala za banja kasiteni nako.